Columbo, Wapolisi wa Jekete Lamakwinya: Mafunso ndi Mayankho

Kodi Columbo ndani?

Columbo ndi wapolisi wofufuza milandu ya kupha anthu mumzinda wa Los Angeles ku America, m'sewero la pa wailesi ya kanema lodziwika ndi dzina lomweli. Amene anayambitsa seweroli ndi alembi awiri, Richard Levinson ndi William Link, ndipo amene ankasewera ngati Columbo ndi Peter Falk.

Falk anayamba kuoneka ngati Columbo mu 1968 mufilimu yotchedwa Prescription: Murder. Sewerolo linkaulutsidwa pa wailesi ya kanema ya NBC kuyambira 1971 mpaka 1978, kenako linabwereranso pa ABC kuyambira 1989 mpaka 2003. Magawo onse ndi 69. Gawo la Murder by the Book la mu 1971 analiwongolera ndi Steven Spielberg, ali mnyamata wa zaka 24.

Seweroli likusiyana bwanji ndi ena a apolisi?

M'masewero ambiri, woonera amadikira mpaka kumapeto kuti adziwe wakupha. Mu Columbo, pafupifupi gawo lililonse limayamba n'kuonetsa wakuphayo akukonza chiwembu, kupha munthu ndi kubisa umboni. Wapolisi amatulukira pambuyo pake, woonera akudziwa kale zonse. Chotsala n'kuona kanthu kamene wakuphayo anaiwala, ndi mmene Columbo akatolere.

Mulibe kuthamangitsana pagalimoto kapena kuwomberana. Columbo sayenda ndi mfuti. Ntchito yake yonse ndi kuyang'anitsitsa, kufunsa ndi kubweranso mawa.

N'chifukwa chiyani amaoneka wosadzisamala?

Jekete lake la mvula ndi lamakwinya, tsitsi silidziwa chipeso, m'manja simuchoka ndudu yaikulu ya fodya. Amayendera chiphapha cha Peugeot 403, ndipo galu wake waulesi alibe dzina lina koma Dog. Sachedwa kutchula mkazi wake, amene woonera samuona n'kamodzi komwe.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya seweroli. Anthu amene Columbo amawafufuza ndi a mwanaalirenji: madokotala otchuka, alembi a mabuku, andale, eni makampani. Akamuona akufunafuna pensulo m'matumba amamuderera, n'kuyamba kulankhula mopitirira muyezo, ena mpaka kumamuphunzitsa ntchito. Iye amavomera mwaulemu, kutsanzika, kufika pakhomo, kenako n'kutembenuka kuti watsala ndi kafunso kamodzi kokha. Kafunsoko kawirikawiri ndi kamene kamagwedeza bodza lonse.

Kodi pali chitsanzo cha mmene amagwirira wakupha?

Gawo la Any Old Port in a Storm la mu 1973 ndi limodzi mwa okondedwa kwambiri. Donald Pleasence akusewera ngati Adrian Carsini, katswiri wa vinyo amene m'bale wake akufuna kugulitsa munda wa mphesa. Carsini akumumenya, kumutsekera m'chipinda chosungiramo vinyo, kuzimitsa makina oziziritsira mpweya n'kunyamuka ulendo wa ku New York. Atabwerako akuponya mtembo m'nyanja kuti zioneke ngati ngozi.

Sakudziwa kuti iye kulibe kunatentha kwambiri ku Los Angeles. Columbo akutenga mobisa botolo limodzi m'chipinda muja n'kukonza zoti Carsini amwe vinyoyo kulesitilanti. Atangolawa, Carsini akukalipa kuti vinyoyu anaonongeka ndi kutentha, chinthu chimene lilime la katswiri yekha likanazindikira. Wadziulula yekha kuti makina aja anali ozimitsidwa. Ukatswiri umene ankanyadira ndi umene wamugwiritsa.

Ndani ena amene anasewerapo ngati akupha?

Akatswiri ambiri otchuka anavomera kukhala akupha m'seweroli. Patrick McGoohan anatero kanayi, Jack Cassidy katatu. Leonard Nimoy anasewera ngati dokotala wa opaleshoni ya mtima, ndipo woimba Johnny Cash anasewera ngati woimba nyimbo zauzimu amene akupha mkazi wake pogwetsa ndege.

Nanga Peter Falk anali munthu wotani?

Anabadwa mu 1927 ku New York. Ali ndi zaka zitatu anamuchotsa diso lakumanja chifukwa cha khansa, ndipo moyo wake wonse ankavala diso loikirira. Kayang'anidwe kotsinzinira ka Columbo kanachokera pamenepo. Jekete lija linali lake, anabwera nalo yekha. Analandira mphoto za Emmy zinayi chifukwa cha Columbo. Anamwalira pa 23 Juni 2011 ali ndi zaka 83, atadwala matenda a Alzheimer.

Kodi n'loyenerabe kulionera masiku ano?

Inde. Gawo lililonse ndi nkhani yoima payokha, choncho munthu angathe kuyambira paliponse. Magawo ndi aatali, oposa ola limodzi, ndipo amafuna woonera wodekha amene amatchera khutu ku mawu alionse. Mbiri ya seweroli inafika kutali, moti mu 2014 mzinda wa Budapest ku Hungary unaimika chipilala cha Columbo ndi galu wake. Amene sanalionepo ayambe ndi magawo a 1971 mpaka 1978, chifukwa ndi mmene muli okoma kwambiri.