Kalongonda: chakudya, mankhwala, komanso chiphe

Anzanga, ambiri a ife kuno ku Nsanama tinakula ndi kalongonda, koma ndikhulupirira ndi ochepa amene akudziwa zomwe zili m'kati mwa njere yakeyo. Dzina lake la sayansi ndi Mucuna pruriens. Ndi nyemba yoyanga, imakwera chimanga kapena mtengo uliwonse umene yaupeza. Chitedze chija chimatiyabwa kutchire ndi mtundu womwewu, kungoti makoko ake ali ndi tiubweya toyabwa.

M'njere za kalongonda muli mankhwala otchedwa L-dopa. Akafika mu ubongo amasanduka dopamine, amene amathandiza kuti minofu iziyenda bwino. Madokotala amapereka L-dopa kwa odwala Parkinson, matenda aja onjenjemeretsa manja. Ku India asing'anga akhala akuchiritsira njerezi kuyambira kalekale.

Koma tamverani, L-dopa yemweyo akachuluka m'thupi la munthu wabwinobwino ndi chiphe. Munthu amasanza, mutu umawawa, mtima umathamanga, ena amafika pobwebweta. Mu 1989, nthawi ya chilala ndi nkhondo, anthu oposa 200 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anazungulira mutu chifukwa cha nyembazi. Madzi ankasowa, ndiye ankamwa madzi omwe aphikirawo m'malo mowataya.

N'chifukwa chake amayi athu amaphika kalongonda pafupifupi tsiku lathunthu, kumusenda makungu, n'kumataya madzi kangapo. L-dopa amasungunuka m'madzi, choncho mukataya madzi akudawo ndiye kuti mwataya chiphe. Sikuti amangowononga nkhuni ayi, imeneyo ndi sayansi yeniyeni ya pamafuwa.

Ku munda nakonso kalongonda ndi wothandiza. Mizu yake ili ndi timatuza tokhala ndi mabakiteriya amene amakoka nayitirojeni kuchokera mumpweya, pomwe masamba amaphimba nthaka n'kupondereza udzu. Ndi mmene feteleza wakwereramu, zimenezi si zocheza. A Fomu 4, chitsanzo ichi chingakuthandizeni pa mayeso a MSCE a zaulimi.

Pempho langa ndi ili. Januwale ndi Febuluwale njala ikavuta, ife ana ndi amene timasiyidwa ndi mphika makolo ali kuganyu. Musaphule msanga chifukwa choti mng'ono wanu akulira. Musamwe madzi ake, musalawe wosapsa. Wina akayamba kusanza kapena kubwebweta atadya, thamangirani naye kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 3