Nyali ya Sola ya Pakhola ndi Pathandala

Fisi ndi wakuba sayenda anthu ali maso, amadikira tulo tatigwira. Ndiye pogula nyali ya sola musatengeke ndi mawati olembedwa pabokosi, ogulitsa ambiri amakokomeza. Funsani za batire: kodi ifika mpaka m'bandakucha, abambo akamapita ku swala ya Fajr? Nyali yoyaka yokha chinthu chikadutsa ndi imene imasunga moto. Pabokosipo pakhalenso IP65, apo ayi mvula ya Januwale idzalowa m'kati.

Kunyanja kuno kuwala koyera mbee kumaitana nkhungu, choncho sankhani kwachikasu. Musaimike nyaliyo pamwamba penipeni pa thandala, tizilombo tingagwere pa usipa. Ikhale chapambali. Panelo iyang'ane kumpoto, ndipo muziipukuta fumbi sabata iliyonse.