Kupemphera kapena ntchito: lamulo likuti chiyani?

Anzanga, mwezi watha achimwene anga anabwera kunyumba nkhope ili gwa. Amagwira ntchito mugolosale ina m'tauni ya Zomba, ndipo ndi a Seventh Day. Abwana awo anawauza kuti, "Loweruka ndiye la malonda. Ukapita kutchalitchi, usabwerenso." Ndalama yawoyo ndi imene imandilipirira fizi, ndiye nanenso tulo tinandithawa. Ndinakafunsa aphunzitsi a Social Studies, ndipo nazi zimene ndinatolako.

Nkhani yotereyi si yachilendo. Mu 1967 boma linaletsa Mboni za Yehova, zomwe zinkakana kugula khadi la chipani cha MCP. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipanicho, womwe unachitikira ku Zomba konkuno, unagamula kuti Mboni zichotsedwe ntchito. Ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinatha mu 1993.

Lero zinthu zinasintha. Gwirani mfundo zitatu izi, mwinanso zibwera pa mayeso:

1. Gawo 33 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a 1994, limapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo.
2. Lamulo la Ntchito la 2000 limaletsa kusala wantchito chifukwa cha chipembedzo, ndipo chipembedzo si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito.
3. Wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma. Zikakanika, kuli khoti la Industrial Relations. Kumeneko bwana ndiye ayenera kufotokoza chifukwa chimene anachotsera munthuyo.

Komatu ufulu si kujomba mwakachetechete ayi. Nena za chikhulupiriro chako poyamba pomwe, pempha kusinthana masiku, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Achimwene anachita zomwezo. Pano amagwira Lamulungu, mnzawo wa Katolika n'kugwira Loweruka. Abwana anang'ung'udza, koma golosale sinatsekedwe tsiku ndi limodzi lomwe.

Ambirife tikamaliza Fomu 4 tikalembedwa ntchito, ena padoko la Kachulu, ena m'masikimu a mpunga, ena m'tauni. Enanso tidzakhala mabwana. Wantchito wako Msilamu akadzapempha ola limodzi Lachisanu masana kuti apite kumzikiti, kapena wina akadzakana ntchito yotsutsana ndi chikumbumtima chake, udzamuyankha chiyani?

Lembani maganizo anu, muponye m'bokosi la kalabu ya zolembalemba pofika Lachinayi.

Mnzanu wa Fomu 3