Mphepo Yozizira ya M'galimoto Imadya Petulo

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala mu Lilongwe mumatentha kwambiri. Mukakwera takisi ku Kawale kapena ku Area 25, mumamva anthu akupempha dalaivala kuti ayatse AC. Kawirikawiri dalaivala amakana. Amati petulo ndi wodula. Okwera amati ndi umbombo chabe. Kodi akunena zoona ndani?

AC ndi makina oziziritsa mpweya wa m'galimoto. Batani lake lili kutsogolo, ndipo palembedwa zilembo ziwiri, A ndi C. Makinawa alibe injini yawoyawo. Amazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini ya galimoto. Mukadina batani lija, mwaisenzetsa injini katundu wina. Yesani tsiku lina galimoto itaima, injini ikulira. Dinani batanilo ndipo tcherani khutu. Mudzamva kulira kwa injini kukusintha. Pamenepo yayamba kumwa petulo wambiri.

Magalimoto ang'onoang'ono amene adzaza m'misewu yathu ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan. Ochuluka amatsikira padoko la Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno pa Songwe. Injini zake ndi zazing'ono. Ya Daihatsu Mira ndi 660 cc. Ya Toyota Passo yambiri ndi 1000 cc, ndipo ya Toyota Sienta ndi 1500 cc. Nambala ikachepa, mphamvu nazonso zimachepa. Thumba la chimanga mukaliika pa ngolo, ng'ombe sizidziwa n'komwe. Koma liikeni pa njinga ya kabaza, wopalasayo thukuta kamukamu. AC ndi thumba lomwelo. Galimoto yaying'ono imalimva kulemera kuposa yaikulu.

Nanga amatha petulo wochuluka bwanji? Unduna woona za mphamvu m'dziko la America umanena kuti kukatentha kwambiri, AC angathe kuchepetsa mtunda umene lita imodzi imayenda ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena kuposa apo. Izi zimachitika makamaka pa maulendo afupiafupi. Maulendo a m'tauni muno ndi otero ndithu. Kuchoka ku Biwi kupita ku msika waukulu si patali, koma nthawi zina magalimoto amangokwawa. Galimoto ikaima pamzere, makilomita sawonjezeka, koma injini ndi AC zikumwabe. Choncho dalaivala uja sakunama.

Musaiwale kumene petulo wathu amachokera. Amadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, petulo amasowanso. Ambiri mukukumbukira mizere ya m'chaka cha 2012, ndiponso ya 2022 ndi 2023, pamene anthu ankagona m'magalimoto pa malo omwetsera mafuta. Kukhala pamzere wotere injini ikulira ndi AC yemwe, ndi kutaya petulo amene mwamudikira usiku wonse. Zimitsani injini, tsegulani mazenera.

Komabe sindikunena kuti batani lija musalikhudze. Pali nthawi yake.

Galimoto ikakhala padzuwa, m'kati mumatentha kuposa kunja. Musathamangire AC. Yambani mwatsegula zitseko ndi mazenera kuti mpweya wotentha utuluke. Yendani pang'ono mazenera ali otsegula. Kenaka tsekani ndi kuyatsa AC. Pafupi ndi batani la AC pali lina lojambulidwa galimoto ndi muvi wopindika m'kati mwake. Limenelo limachititsa kuti makina aziziritse mpweya wa m'kati womwewo, wozizira kale, m'malo mokoka wotentha wakunja. Ntchito ya injini imapepuka. Ndipo ngati pali mtengo wa mthunzi, imikani galimoto pamenepo. Mthunzi salipira.

M'tauni, poyenda pang'onopang'ono, mazenera otsegula ndi okwanira. Pa msewu wa ku Salima kapena wa ku Dedza nkhani imasintha. Galimoto ikathamanga, mphepo yolowa pa mazenera imaikokera m'mbuyo, ndipo injini imalimbana nayo. Kumeneko kutseka mazenera ndi kuyatsa AC pang'ono si kuwononga kwenikweni.

M'misewu ya fumbi ya ku Chinsapo ndi ku Mgona, mwina mwanyamula khanda kapena wodwala chifuwa wopita ku chipatala cha Bwaila. Tsekani mazenera, yatsani AC. Petulo wa ulendo umodzi sangafanane ndi moyo wa munthu. Nthawi ya mvula galasi lakutsogolo limachita nthunzi, njira osaoneka. AC amaumitsa nthunziyo msanga. Apanso musaumire. Ndipo mwana asasiyidwe yekha m'galimoto yotseka padzuwa, ngakhale kwa mphindi zochepa. Kutentha kwa m'menemo kumapha.

Tsopano tibwere pa galimoto yanu, kapena ya bwana amene mumamuyendetsera. Wogulitsa adzakuuzani kuti imayenda makilomita akutiakuti pa lita imodzi. Nambala zimenezo anaziyesa ku Japan galimotoyo ili yatsopano, popanda maenje, popanda anthu asanu ndi matumba a makala kumbuyo. Nambala yoona muipeza nokha, ndi kope ndi pensulo. Inu mwaphunzira kulemba ndi kuwerengera, ndiye palibe chovuta.

Thirani petulo mpaka thanki idzaze. Lembani nambala ya makilomita imene ikuoneka kutsogolo kwa chiwongolero. Yendani masiku angapo osayatsa AC. Bwererani, dzazaninso thanki, ndipo lembani malita amene alowa ndi nambala yatsopano ya makilomita. Chotsani nambala yakale pa yatsopano. Yankho lake ligaweni ndi malita aja.

Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 300 ndipo mwalowa malita 20. Gawani 300 ndi 20. Yankho ndi 15. Ndiye kuti lita imodzi yayenda makilomita 15. Sabata yotsatira yendani njira zomwezo AC ali woyatsa. Tiyerekeze kuti malita 20 omwewo ayenda makilomita 240 okha. Gawani 240 ndi 20, mupeza 12. Pa lita iliyonse mwataya makilomita 3. Kuti mufike makilomita 300 aja, mufunika malita 25, osati 20.

Poyesa, onetsetsani kuti matayala ndi opopa bwino masabata onse awiri. Tayala lofewa nalonso limadya petulo, ndipo lingakunamizeni kuti wolakwa ndi AC.

Tsopano tengani kope lanu. Funsani mtengo wa lita imodzi ya petulo lero, ndipo ulembeni. Uchulukitseni ndi 5. Zimenezo ndi ndalama za malita 5 owonjezera aja. Kodi zingagule ufa wochuluka bwanji pa msika wa kwanu?