Dziwe la Nkhalamba si mtsinje wa Lunzu

Sukulu zikatsekera, kapena dzuwa la Okutobala likafika powawula, magulu a achinyamata a ku Machinjiri amasonkherana ndalama n'kuhayala minibasi. Ena ndi a kwaya, ena ndi a fomu folo amene angomaliza mayeso. Ulendo wake ndi wodziwika: kutulukira ku Limbe, kutsata msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, kukhotera ku Likhubula, kenako kukwera wapansi mpaka pa Dziwe la Nkhalamba m'phiri la Mulanje. Malowo ndi okongoladi, ndipo sindikuletsa munthu kupitako. Amene amandidetsa nkhawa ndi mnyamata uja wakhala mpando wakumbuyo, amene akuuza anzake kuti iye madzi anawazolowera chifukwa anakulira mu Lunzu.

Kusambira kwa mu Lunzu nthawi yachilimwe ndi kwa madzi ofunda olekeza m'chiuno, ndipo ukatopa umangoponda pansi. Madzi a pa Dziwe la Nkhalamba amatsika kuchokera m'phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Ndi ozizira ngakhale kunja kukutentha. Munthu amene wakwera mtunda ali thukuta kamukamu akadumphiramo mwadzidzidzi, thupi limadzidzimuka, amakoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi amakoka madziwo. Pakapita mphindi zingapo manja ndi miyendo zimachita dzanzi. Pamene pamagwera mathithi m'pakuya, madzi ake amazungulira, ndipo miyala ya m'mbali ili ndi ndere zoterera moti pogwira palibe. Onjezanipo kabotolo kamene kanabisidwa m'chikwama kuti a patironi asakaone.

Womira sakuwa ngati a m'mafilimu. Pakamwa pake pamakhala potanganidwa ndi kufuna mpweya, ndiye amangovinyavinya mwakachetechete, anzake ali kalikiliki kujambulana pa foni. Akamuzindikira, amene amamukonda kwambiri ndiye amayamba kudumphira, ndipo womira amakakamira chilichonse chimene chamuyandikira. Umu ndi mmene maliro amodzi amasandukira awiri. Mponyereni chingwe, nsungwi, zitenje zomangiriza, ngakhale chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, inu muli pamtunda.

China chimene alendo sachidziwa n'chakuti mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri pansi pano dzuwa likuswa mtengo. Madzi akayamba kuda, kubwera ndi masamba ndi timitengo, kapena mkokomo wa mathithi ukasintha, tulukani nthawi yomweyo, nsapato muzisiye. Anthu operekeza alendo amene amapezeka pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula amazidziwa zizindikiro zimenezi. Gulu limene lakwanitsa kulipira minibasi koma likuumira ndalama ya woperekeza laika ndalama patsogolo pa moyo.

Koma tisanamizire Mulanje yekha. Ife a mu Blantyre tinaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, kuti madzi saiwala khwawa. Timitsinje ta m'makwalala mwathu timene ana amadumpha popita kusukulu timasanduka zilombo mvula ikagwa kumtunda. Komanso okumba mchenga amasiya maenje m'mitsinje, moti pamene mwana ankaponda chaka chatha lero pakhoza kumumeza wathunthu.

Ndipo Lunzu ali ndi kupha kwake kwapang'onopang'ono. Mipope ikauma, amayi amatsikira komweko ndi zochapa, ana n'kumasewera m'madzi amene atsuka zimbudzi ndi zinyalala za kumtunda. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe. Kasupe wooneka mbee m'munsi mwa nyumba zothithikana musamukhulupirire ndi maso. Madzi ake awiritsidwe kapena athiridwe kulorini. M'madzi odekha momera udzu mumakhala nkhono zimene zimasunga tizirombo ta likodzo, ndipo timeneti sitidikira kuti umwe madziwo, timalowera pakhungu. Kale ena ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Ayi ndithu, wadwala, ndipo likodzo likalekereredwa limawononga chikhodzodzo ndi impso. Mankhwala ake, praziquantel, alipo; mwana wotere apite naye kuchipatala cha South Lunzu.

Inu makolo amene mukusainira kalata ya ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba, funsani a patironi kuti akuluakulu akupita angati, mwa iwo wodziwa kusambira ndani, ndipo ndani adzakhale pamwala osalowa m'madzi, ntchito yake kungowerenga mitu.