Kalembera wa agulugufe

Ku Britain, chaka chilichonse mu July ndi August, anthu odzipereka amakhala m'paki kapena m'dimba kwa mphindi 15 dzuwa likuwala, n'kumawerenga agulugufe. Salipidwa kanthu. Ntchitoyi imatchedwa Big Butterfly Count, ndipo bungwe la Butterfly Conservation linaiyambitsa mu 2010.

Vuto n'lakuti gulugufe sakhazikika. Mmodzi yemweyo angakudutseni katatu. Choncho pa mtundu uliwonse mumalemba chiwerengero chachikulu chimene mwaona nthawi imodzi. Mukaona oyera atatu limodzi, kenako awiri, lembani 3, osati 5.

Allah anatipatsa udindo wosamalira zolengedwa zake, koma tingadziwe bwanji kuti zikutha ngati sitikuziwerenga? Agulugufe amachepa msanga tchire likatha, mankhwala ophera tizilombo akachuluka kapena nyengo ikasokonekera. Mu 2023 munthu aliyense ankapeza pafupifupi 12 pa mphindi 15 zija. Mu 2024 anatsika kufika pa 7, ndipo bungwelo linalengeza kuti zinthu zafika poipa.

Ophunzira, yesani pabwalo la sukulu, malo amodzimodzi sabata iliyonse. Lembani tsiku, nthawi ndi mmene kunja kwachera. Mukapanda kuona ngakhale mmodzi, lembanibe 0.