Zimene Ndinaona Posunga Abongololo M'botolo

Mvula yoyamba ikangogwa kwathu ku Mchinji Boma, abongololo amatuluka paliponse: m'njira, pansi pa mitengo ya mango, ngakhale pakhonde penipeni. Ambirife timangowakankha ndi phazi. Pa tchuthi cha Khirisimasi ine ndinatola anayi n'kuwaika m'botolo lalikulu la masiwiti limene ndinapempha pa golosale. Ndinali nditamva m'kalasi ya Biology kuti ku Ulaya ndi ku America anthu amasunga abongololo m'mabokosi a galasi ngati ziweto, makamaka mtundu waukulu wa kuno ku Africa wotchedwa Archispirostreptus gigas, umene umatha kupitirira masentimita 30. Amayi atandiona anaseka nati, "Iwe mwana, nkhuku zatha kodi?"

Poyamba ndinalakwitsa. Ndinathira mchenga wouma, ndinaikamo masamba aawisi, ndipo botololo ndinaliika pawindo kuti ndiziwaona bwino. Patapita masiku awiri mmodzi anafa. Bongololo amapuma kudzera m'timabowo ta m'munsi mwa thupi lake, pafupi ndi miyendo, ndipo pouma ndi potentha amataya madzi msanga. N'chifukwa chake m'chilimwe sitimuona. Amakhala atabisala m'nthaka.

Tsono ndinachotsa mchenga uja n'kuikamo dothi lakuda la pansi pa mtengo, lakuya mofanana ndi kutalika kwa bongololo mwini. Pamwamba ndinaika masamba ofota ndi chikuni chowola chimene chimanyenyeka ndi zala. Apa mpamene ndinazindikira kuti dothilo ndi nyumba yake komanso ndi nsima yake. Amadya zowola, ndipo ndowe zake zimasanduka manyowa. Ndinkawonjezerako kachidutswa ka nkhaka ndi makoko a mazira osinja, pakuti chikopa chake cholimba chija chimafuna kashiamu. Chivindikiro ndinachiboola, botolo ndinaliika pamthunzi, ndipo ndinkawaza madzi pang'ono kuti dothi likhale lachinyezi koma osati matope. Musatenge dothi la m'munda mopoperedwa mankhwala.

Anzanga, musasokoneze bongololo ndi nankalizi. Nankalizi ndi waphanthiphanthi, amathamanga, amaluma, ndipo ali ndi miyendo iwiri pa mfundo iliyonse. Bongololo ali ndi inayi pa mfundo zake zambiri, ndipo saluma. Akaopsezedwa amangodzikulunga ngati nkhata n'kutulutsa timadzi tonunkha timene timasiya banga pa zala. Timadziti n'towawa m'maso, choncho sambani m'manja mukamugwira. Dzina lake la Chingerezi limatanthauza miyendo 1,000, koma ambiri safika n'komwe pamenepo. Woyamba kudziwika wopitirira chiwerengerochi anafotokozedwa mu 2021 ku Australia, ndipo anali ndi miyendo 1,306. Ine ndinayesa kuwerenga ya wanga, ndinalephera chifukwa sankaima.

Cholakwa chachiwiri ndicho chimandiwawabe. Mmodzi analowa pansi n'kukhala masiku ambiri osatuluka. Mtima unandikanika, ndinafukula ndi supuni. Ndinamupeza ali wotuwa, wofewa, chikopa chakale chili pambali. Anali akufundula, monga amachitira kuti akule ndi kuwonjezera mfundo ndi miyendo. Ndinamukwirira msanga, koma ndinali nditamupweteka kale, ndipo sanatulukenso. Agogo atamva anangoti, "Suja amati bongololo sadzolera mafuta pagulu?" Mwambiwu ndinkaudziwa, koma sindinaganizepo kuti akuluakulu anachita kumuona bwino chonchi.

Bambo sanakondwe nazo kwenikweni. Iwo amalima mtedza, monga anthu ambiri a ku Mchinji, ndipo akuti abongololo amaboola mtedza wanthete m'nthaka. Akunena zoona, mitundu ina imaterodi, makamaka chinyezi chikachepa. Choncho tsiku lobwerera ku seminale litayandikira, awiri otsalawo sindinawataye kumunda. Ndinakawasiya pansi pa mtengo wa mango uja, pa mulu wa masamba, ndipo botolo ndinalitsuka n'kupatsa amayi kuti azisungiramo mchere.